Dongo losanduka siliva: werengerani kaye musanaode

Pali dongo lina lomwe siligulitsidwa pa ngolo kapena pa wilibala ngati la njerwa. Limagulitsidwa pa galamu, m'timapaketi tating'ono ngati bokosi la machesi, ndipo mtengo wake umakwera ndi kutsika potsatira msika wa siliva wa padziko lonse. Mukaliumba n'kuliotcha, chotsala m'manja mwanu si phale, koma siliva weniweni. Pachingerezi amalitcha metal clay, ndipo pano tilitchula kuti dongo la chitsulo.

Ku Japan, America ndi Britain, anthu ambiri amaumba dongoli kunyumba ngati ntchito yapamtima yochita akaweruka. Amapanga ndolo, mphete ndi tokolowekera pa mkanda ali patebulo la m'khitchini, popanda nyundo kapena ng'anjo yosungunulira zitsulo. Ena mwa iwo anafika poisandutsa bizinesi. Amene amaonera makanema a ntchito zamanja pa YouTube kapena pa Facebook ayenera kuti anaonapo munthu akudinda tsamba la mtengo pa dongo lotuwa, n'kuliloza ndi moto wa gasi, kenaka n'kulikwecha mpaka kuwala.

M'kanema zonsezi zimatha mphindi imodzi ndipo sakuuzani mtengo. Funso la tsamba lino ndi lomwe lija la masiku onse: zimadya ndalama zingati, ndipo ndalamayo ingabwerere? Yankho lachidule n'lakuti ntchitoyi ndi yosavuta kuiyamba koma ndi yodula kuiphunzira, chifukwa chilichonse chomwe mwalakwitsa mwachilakwitsa ndi siliva.

Linachokera kuti?

Dongoli linatulukira ku Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Akatswiri a kampani ya Mitsubishi Materials, motsogozedwa ndi Masaki Morikawa, ndiwo anapeza njira yosakaniza ufa wosalala kwambiri wa golide kapena siliva ndi madzi komanso kazomatira kochokera ku zomera, n'kupanga chinthu chofewa choti munthu angaumbe ndi zala. Analitcha Precious Metal Clay, mwachidule PMC. M'zaka zomwezo kampani ina ya ku Tokyo, Aida Chemical Industries, yomwe ntchito yake ndi kuyenga siliva ndi golide kuchokera ku zinthu zotha ntchito, inatulutsa mtundu wake wotchedwa Art Clay.

Mu 1996 kampani ya Rio Grande ya mumzinda wa Albuquerque, yomwe imagulitsa zipangizo za osula zodzikongoletsera, inayamba kugulitsa PMC ku America. Kuchokera pamenepo makalasi ophunzitsa luso limeneli anafalikira, ndipo ambiri omwe ankalowa nawo sanali amisiri a zitsulo ayi, koma anthu ozolowera kuluka, kutunga mikanda ndi kuumba.

Dongo loyambirira linali ndi zovuta ziwiri. Linkafuna moto wa madigiri 900 kwa maola awiri, ndipo chinthu chinkachepa ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 alionse chikapsa. Mitundu yomwe inabwera pambuyo pake imapsa ndi moto wocheperapo, m'mphindi zochepa, ndipo imachepa ndi magawo apakati pa 8 ndi 15 pa 100 alionse. Kusintha kumeneku ndiko kunatsegulira khomo anthu wamba, chifukwa sikunafunikenso uvuni wodula kuti munthu ayambe.

Chimachitika n'chiyani pamoto?

Palibe matsenga. Mu paketi ya dongo la siliva, pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a kulemera kwake ndi siliva weniweni, wopera kusalala kuposa ufa woyera. Zotsalazo ndi madzi ndi zomatira. Mukaumba n'kuumitsa, madzi amachoka. Mukaika pamoto, zomatira zija zimapsa n'kutuluka ngati utsi. Moto ukapitirira kukula, timibulu ta siliva timayamba kugwirana tokhatokha mpaka kukhala chinthu chimodzi cholimba, koma osafika posungunuka.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Siliva amasungunuka pa madigiri pafupifupi 962. Dongo lambiri la masiku ano limapsa pakati pa madigiri 650 ndi 900. Moto ukachepa, chinthucho chimaoneka ngati chapsa kunja koma mkati muli ufa, ndipo chimathyoka ngati bisiketi. Moto ukapyola, zokongoletsa zonse zomwe munavutika nazo zimasungunuka n'kusanduka kampira ka siliva. Oumba mbiya amadziwa kuti mphika wosapsa bwino umasweka pa tsiku loyamba. Lamulo lake ndi lomwelo, kungoti apa mtengo wa dongo ndi wina.

Chotuluka pamoto ndi siliva wa nambala 999, kutanthauza kuti magawo 999 pa 1,000 alionse ndi siliva. Ndolo ndi mphete zambiri za m'masitolo zimakhala za nambala 925, zomwe amati sterling, chifukwa amasakanizamo kopa pang'ono kuti zilimbe. Siliva wa 999 ndi woyera kwambiri ndipo sada msanga, koma ndi wofewa. Amachita bwino pa ndolo ndi tokolowekera pa mkanda. Pa mphete yovala tsiku ndi tsiku, ya munthu wochapa, wotunga madzi kapena wogwira makasu, amakandika ndi kupindika msanga. Pali dongo la 925 ndi 950 lomwe ndi lolimbirapo, koma limafuna uvuni.

Zofunika poyamba

Ubwino wa ntchitoyi ndi wakuti zida zambiri muli nazo kale kunyumba. Pamafunika pulasitiki yosalala kapena thailosi yogwirirapo ntchito, kapaipi kakafupi ka pulasitiki kofulira dongo ngati mmene timachitira ndi ufa wa chapati, kampeni kakuthwa, singano, kabulashi kopentera, madzi m'kambale, sandipepa yosalala ndi makhadi osewerera. Makhadiwo ntchito yake ndi yoyezera kunenepa kwa dongo. Mumasanjika atatu kapena anayi mbali iyi ndi mbali inayo, n'kugudubuza kapaipi pamwamba pake, ndipo dongo limatuluka lofanana paliponse, lonenepa pafupifupi milimita imodzi.

M'manja ndi pazida pakani mafuta a olivi pang'ono kuti dongo lisamate. Mafuta odzola ochokera ku petulo opanga dongoli amawaletsa. Chinanso chofunika kusamala kwambiri kuno kwathu ndi aluminiyamu. Dongo lonyowa likakhudzana ndi aluminiyamu limawonongeka ndipo silipsa bwino. Mapoto, zivindikiro ndi mathireyi ambiri a m'makhitchini mwathu ndi a aluminiyamu, choncho musaumitsirepo.

Dongoli limauma msanga. Mukangotsegula paketi muli ndi mphindi zochepa lisanayambe kung'aluka m'mbali, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala nthawiyo imafupikirako. Konzani zonse musanatsegule: jambulani chomwe mukufuna papepala, ikani zida pafupi, tsinani dongo lokwanira ntchito imodzi, lotsalalo likulungeni m'pepala la pulasitiki n'kuliika m'kabotolo kotseka bwino muli kansalu konyowa.

Kukongoletsa ndi komwe kumakopa anthu ambiri. Dongoli limatenga chithunzi cha chilichonse chomwe mwadindapo, kaya ndi tsamba, nsalu ya lesi, mphasa, khungwa la mtengo, batani lakale kapena chala cha mwana. Ena amapanga chikombole cha silikoni kuti azitulutsa ndolo zofanana zambiri.

Mukamaliza kuumba, umitsani mpaka gwa. Mutha kusiya pamalo ouma kwa tsiku lathunthu kapena kupemerera ndi makina oumitsira tsitsi. Pofuna kudziwa ngati lauma, liikeni lidakali lofunda pa galasi lozizira kwa kanthawi. Pakatsala nthunzi pagalasipo, ndiye kuti mkati mudakali madzi. Mukaotcha dongo lonyowa, nthunzi imaphulitsa chinthucho kapena kuchitupitsa matuza. Likauma, lisalazeni ndi sandipepa ndipo mabowo a ndolo muboolere pomwepo, chifukwa likapsa ntchito yomweyo imafuna mphamvu ndi zida za zitsulo.

Fumbi lomwe likugwa posalaza musalipemerere pansi. Ndi siliva. Lisonkhanitseni papepala, liikeni m'kabotolo, thiranimo timadontho ta madzi, ndipo lisanduka phala lomatira ziwalo kapena kutsekera ming'alu. Dongo lililonse lomwe silinalowe pamoto, ngakhale litauma ngati mwala, mutha kulipera, kulinyowetsa n'kuliumbanso.

Njira zitatu zootchera

Njira yotsika mtengo ndi chootchera cha m'manja cha gasi wa butane, chonga chomwe ophika makeke amagwiritsa ntchito. Chinthucho mumachiika pa njerwa yopirira moto, m'chipinda chamdima pang'ono koma mopita mphepo. Choyamba chimafuka utsi ndi kuyaka kamoto pamene zomatira zikupsa. Kenaka chimayera, n'kuyamba kufiira mofanana ndi mkati mwa papaya. Chisungeni pa mtundu umenewo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kapena monga momwe pepala la mu paketi lanenera, uku mukuyendetsa moto. Mukaona chayamba kunyezimira ngati chanyowa, talikitsani moto msanga chifukwa chatsala pang'ono kusungunuka. Njirayi ndi ya zinthu zing'onozing'ono zokha, zosapitirira magalamu 25.

Njira yachiwiri ndi chitofu cha gasi. Mumaika sefa ya waya wa chitsulo chosachita dzimbiri pamwamba pa moto, n'kuona pomwe wayayo wafiira kwambiri, ndipo mumaika chinthu chanu pamenepo. Nayonso ndi ya tinthu tating'ono. Mbaula ya makala si yodalirika chifukwa moto wake sungauyeze kapena kuusunga pamlingo umodzi.

Njira yachitatu ndi uvuni wamagetsi wokhala ndi choyezera kutentha. Uwu ndiwo umatulutsa siliva wolimba kwambiri, makamaka mukaotcha pa madigiri 900 kwa maola awiri. Koma mtengo wake umaposa zida zina zonse kuziphatikiza pamodzi, ndipo ndi wolemera, zomwe zimakweza ndalama yotumizira. Amene akuganiza zougula akumbukire zinthu ziwiri. Choyamba, mauvuni ambiri ogulitsidwa ku America ndi a magetsi a mavoti 110 mpaka 120, pamene athu kuno ndi 230. A ku Britain ndiwo amagwirizana ndi magetsi athu, ngakhalenso pulagi yake. Chachiwiri, magetsi akathima pakati pa ntchito muyenera kuyambiranso, ndipo mayunitsi omwe anapita aja sabwerera.

Moto wa madigiri 700 si wosewera nawo. Valani magalasi oteteza maso, mangani tsitsi, pewani zovala za nailoni, tsegulani mawindo ndipo ana akhale kutali. Chinthu chotentha chigwireni ndi pulayazi.

Chikazizira chimaoneka choyera mbuu ngati choko, ndipo ambiri amakhumudwa poganiza kuti awapusitsa. Kuyerako si utoto. Ndi siliva yemweyo, koma khungu lake silinasalale. Chikwecheni ndi bulashi ya waya wofewa ndi madzi a sopo, kenaka chipukuteni ndi msana wa supuni ya chitsulo, ndipo kuwala kutuluka. Ofuna kuti mizere ya zokongoletsa ide kuti izioneka bwino amagwiritsa ntchito mankhwala a sulufule. Njira ya kunyumba ndi kutsekera chinthucho m'kabotolo limodzi ndi dzira lowiritsa lotentha lomwe mwaliphwanya.

Tiyeni tiwerengere

Siliva pamsika wa padziko lonse amamugulitsa pa muyezo wotchedwa troy ounce, womwe ndi magalamu 31.1, ndipo mtengo wake umalengezedwa m'madola tsiku lililonse la ntchito ku London. Mtengowu sukhazikika. Mu Januwale 1980 unafika pafupifupi madola 50, mu Epulo 2011 unayandikiranso pomwepo, koma mu Marichi 2020 unagwa kufika pafupifupi madola 12. Musanaode, onani mtengo wa tsikulo pa intaneti n'kuugawa ndi 31.1 kuti mudziwe mtengo wa galamu imodzi. Mupeza kuti galamu ya dongo ndi yodula kwambiri kuposa galamu ya siliva wamba, nthawi zambiri kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo. Kusiyanako ndi mtengo wa luso la fakitale, ndipo simudzakubweza mukadzagulitsa siliva wotsala ngati zidutswa.

Dongoli limapangidwa kunja, choncho aliyense wolifuna kuno ayenera kuitanitsa. Pamwamba pa mtengo wa m'sitolo onjezani ndalama yotumizira, msonkho wa pachipata ndi VAT. Funsani ku MRA kapena kwa wothandiza kuombola katundu kuti akuuzeni msonkho wake musanalipire, osati katundu atafika kale. Onjezaninso vuto la ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wamalonda aliyense wooda kunja akukumbukira zomwe zinachitikira mpamba wake masiku amenewo. Mtengo wogulitsira uziwerengera pa ndalama yomwe mudzaodere paketi yotsatira, osati yomwe munaodera yapitayo.

Mapaketi a Art Clay Silver amabwera m'miyezo yosiyanasiyana monga magalamu 10, 20 ndi 50. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe, ndipo inu muikepo anu enieni.

Tiyerekeze kuti paketi ya magalamu 20 yafika m'manja mwanu pa K200,000, zonse mutalipira. Galamu imodzi ndi K10,000. Ndolo ziwiri zapakatikati zadya magalamu asanu, yomwe ndi K50,000. Koma munthu woyamba kumene sizimuyendera zonse. Ngati pa mapeyala asanu alionse imodzi ikusweka kapena kusungunuka, ndiye kuti K250,000 ya dongo yabala mapeyala anayi okha ogulitsika, ndipo peyala iliyonse yadya K62,500.

Onjezani timawaya tokolowekera kukhutu K3,000, gasi ndi sandipepa K2,000, kabokosi koikamo K3,000. Nthawi yanu nayo ndi ndalama. Ngati mwatha maola atatu ndipo ola lanu mwaliika pa K4,000, imeneyo ndi K12,000. Zonse pamodzi zakwana K82,500, musanaikepo phindu kapena kubweza ndalama ya zida. Mukafuna phindu la 30 peresenti, ndolozo muzigulitsa pa K107,000 kapena kuposerapo pang'ono.

Tsopano yang'anani ndolo zonyezimira zomwe zili pa benchi mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe. Zambiri ndi zitsulo wamba zokutidwa kunja, zopangidwa ndi makina zikwizikwi pa tsiku, ndipo mtengo wake ndi kachigawo kochepa chabe ka K107,000. Pa mtengo simungapikisane nazo. Amene akuganiza zoumba ndolo za siliva n'kukaziyala pambali pa zimenezo aluza mpamba wake mwezi usanathe.

Kuchepa kwa dongo nako kumalowa m'masamu. Chinthu chomwe mwaumba chotalika mamilimita 30 chituluka pamoto chili pafupifupi 27. Pa ndolo zilibe kanthu kwenikweni, koma pa mphete ndi nkhani yaikulu. Muyenera kuumba yokulirapo kuposa chala cha mwini wake, ndipo mukaphonya muyezo, kasitomala sailandira.

Nanga miyala yathu?

Apa pali mwayi weniweni, komanso msampha. Dziko lino lili ndi miyala yokongola: rube ndi safiro za ku phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, akwamarini wa ku Mzimba ndi agate wobiriwira ngati mtambo wa ku Ngabu. Yambiri inkatuluka m'dziko muno yosasema komanso yosaikidwa pa chilichonse, ndipo phindu lalikulu linkakatsalira kwa omwe ankaisema ndi kuiika pa mphete kunja. Munthu wodziwa kupangira mwala wotere nyumba ya siliva akuwonjezera mtengo pa katundu wa konkuno.

Koma si mwala uliwonse womwe ungalowe pamoto. Agate, ametusito ndi miyala ina ya m'banja la kwatsi imasweka kapena kusintha mtundu. Akwamarini ndi emarodi, kuphatikizapo wotchuka uja wa ku Zambia, nazonso sizipirira. Rube ndi safiro zimapirira kutentha, koma mwala wachilengedwe ukakhala ndi ming'alu mkati utha kusweka. Yodalirika pootchera limodzi ndi dongo ndi miyala yopangidwa m'fakitale monga cubic zirconia.

Njira yabwino pa miyala yathu ndi kuotcha siliva payekha, mutasiya malo a mwala ndi kampanda kozungulira, kenaka n'kuika mwalawo chinthucho chitazizira, n'kupinda kampandako kuti kaugwire. Kumbukirani kuti malowo achepa pamoto, choncho asiyeni okulirapo. Ndipo ngati mwaotchera limodzi ndi mwala, musauviike m'madzi kuti uzizire msanga. Usiyeni uzizire wokha.

Kopa ndi bulonzi

Amene waona kuti siliva wakwera angafunse za zitsulo zotsikirapo. Mu 2008, Bill Struve wa ku America anatulutsa dongo la bulonzi lotchedwa BRONZclay, ndipo la kopa linatsatira. Bulonzi ndi kopa wosakaniza ndi tini pang'ono. Pa galamu, madongo awa ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi la siliva, ndipo amalola munthu kuumba zinthu zikuluzikulu monga zibangili.

Vuto lake lili pootcha. Kopa akatentha pamene pali mpweya amachita chikhungu chakuda chomwe chimalepheretsa timibulu kugwirana. Pachifukwachi, mitundu yambiri ya dongo la kopa ndi bulonzi imafuna kuikwirira m'makala apadera otchedwa activated carbon, omwe nthawi zambiri amapangidwa kuchokera ku zikamba za kokonati, m'kabokosi ka chitsulo, n'kuiotcha mu uvuni wamagetsi kwa maola angapo. Makala a pambaula salowa m'malo mwake. Choncho zomwe mwapulumutsa pa dongo zimathera pa uvuni ndi magetsi. N'zodabwitsa koma n'zoona kuti kwa munthu wongofuna kulawa, siliva wodulayo ndiye njira yotsika mtengo yoyambira, chifukwa amapsa ndi kachootchera ka m'manja. Zida za siliva musazisakanize ndi za kopa, chifukwa fumbi la chimodzi limadetsa chinzake.

Angagule ndani?

Msika wa katundu wotere ndi wa anthu ofuna chinthu chomwe sangachipeze kwina kulikonse. Ku Britain, imodzi mwa bizinesi zomwe zinakula ndi dongoli ndi yodinda chala cha mwana pa siliva kuti mayi kapena agogo azivala pakhosi. Wogula salipira magalamu okha. Amalipira chifukwa chalacho ndi cha mwana wake. Nzeru yomweyo ingagwire pa mphatso za chinkhoswe, ukwati, kumaliza maphunziro kapena chikumbutso cha m'bale. Palinso alendo ogona m'malo a m'mphepete mwa nyanja ndi abale okhala kunja, omwe amafuna kanthu kakang'ono, kopepuka m'chikwama, kokhala ndi chithunzi cha kwawo monga chambo, mlambe kapena phiri la Mulanje.

Pa ntchito zoitanitsa zotere, landirani theka la ndalama musanatsegule paketi. Chinthu cholembedwa dzina la munthu kapena chodindidwa chala cha mwana wake simungachigulitse kwa wina mwini wake akasintha maganizo.

Nenani zoona pa zomwe mukugulitsa. Ngati ndolo ndi za 999 koma timawaya take ndi ta 925 kapena tongokutidwa, muuzeni wogula. Khalani ndi sikelo yaing'ono yoyeza mpaka kachigawo ka galamu, ndipo lembani kulemera kwa chinthu chilichonse pa lisiti. Otumiza katundu ku Britain, kapena Amalawi okhala kumeneko omwe akufuna kugulitsa, adziwe kuti lamulo la kumeneko la 1973 limafuna kuti chinthu cholemera kuposa magalamu 7.78 chomwe chikugulitsidwa monga siliva chikhale ndi chidindo cha ofesi yoyeza zitsulo. Maofesiwa alipo anayi: ku London, Birmingham, Sheffield ndi Edinburgh. Kudinda nokha nambala 999 sikulowa m'malo mwa chidindo chimenecho.

Amene akufuna kupanga katundu wambiri wofanana, monga mphete zosalala za ukwati, adziwe kuti dongoli si njira yake. Mmisiri wogula siliva wa waya kapena wa chipepa n'kumadula ndi kuwotcherera amapeza galamu pa mtengo wotsika ndipo mphete yake imalimba kuposa. Dongo limapambana pa zinthu zokhala ndi zokongoletsa zambiri, zopangidwa chimodzichimodzi.

Malangizo a tsamba lino

Yambani ndi dongo wamba. Tengani la mtapo kapena loseweretsa ana, muumbe ndolo yomweyo kakhumi mpaka manja azolowere kuimaliza m'mphindi zisanu. Kuphunzirira pa siliva kuli ngati kuphunzira kusoka pa nsalu ya diresi la mkwatibwi.

Gulani paketi yaing'ono, ya magalamu 10 kapena 20, ya dongo la 999 lomwe pepala lake likunena kuti limapsa ndi chootchera cha m'manja. Uvuni udikire mpaka mutagulitsa zinthu zokwanira kuulipira. Ngati muli angapo, odani limodzi kuti mugawane ndalama yotumizira, kapena pemphani m'bale wobwera kuchokera kunja akutengereni, popeza paketi yake ndi yopepuka. Msonkho wake ulipireni ndithu.

Chinthu choyamba chikhale chafulati, chaching'ono komanso chopanda mwala. Otchani kachidutswa koyesera kaye, kakazizira mukapinde ndi pulayazi. Kakapindika ndiye kuti moto wanu ukukwana. Kakathyoka n'kuoneka ufa mkati, onjezani nthawi. Sungani kabuku kolembamo magalamu omwe mwagwiritsa ntchito, mphindi zomwe mwaotcha ndi zotsatira zake, ndipo zomwe zasungunuka musataye chifukwa akadali siliva.

Chachikulu pa zonse ndi gwero la ndalama. Ya paketi yoyamba ichokere m'thumba la zosangalatsa, ndalama yomwe ikapita simugona ndi njala. Isachokere mu mpamba wa bizinesi yomwe ikukudyetsani, mu fizi ya ana kapena mu ngongole ya banki m'khonde yomwe ikudikira chiwongoladzanja kumapeto kwa mwezi. Paketi yoyamba ndi yophunzirira. Yachiwiri ikuuzani ngati manja anu akutha. Ikafika yachitatu, kabuku kanu kadzakhala ndi manambala okwanira kukuuzani ngati pali bizinesi kapena ndi ntchito yongosangalatsa mtima Loweruka masana. Zonse ziwiri n'zabwino, bola mudziwe yomwe mukulipirira.